Dandaulo pa matayala ndi marimu amene munandigulitsa

Kwa Bwana Oyang'anira Sitolo ya Matayala,
Lusaka.

Bwana,

Ndafika kusitolo kwanu kawiri kudzadandaula, ndipo maulendo onse awiri ndabwerako chimanjamanja. Ulendo woyamba anandiuza kuti mwatuluka. Wachiwiri, mnyamata wa pakauntala analemba nambala yanga pakapepala nati mudzandiimbira. Masabata atatu adutsa, foni yanga ili zii. Ndiye ndati ndilembe, kuti nkhaniyi ikhale papepala, wina asadzanene mawa kuti sanamve.

Kumayambiriro kwa mwezi wa October ndinabweretsa galimoto yanga, ka Toyota kasaluni kochokera ku Japan, kuti mundiikire matayala anayi atsopano. Ndinanena kukula kwake momveka: 195/65 R15 (15 ameneyo ndi kukula kwa rimu m'mainchi), monga zalembedwera pa kachikwangwani kamene kali pa mphuthu ya chitseko cha dalaiva. Ndinafotokozanso chifukwa chake. Amayi anga ndi okalamba, msana umawavuta, ndipo kawiri pamwezi ndimawatenga kuchokera ku Chelstone kupita nawo kuchipatala mtauni. Ndinati ndikufuna matayala oti galimoto iziyenda mofewa, basi.

Wogulitsa wanu, mnyamata waulemu ndithu, analowa mkati n'kubwerako akupukusa mutu kuti saizi imeneyo yatha. Kenako ananditengera kukhoma kumene mwapachika marimu onyezimira aja, nati: "Akulu, siyani za 15, n'zakale izo. Tikuikireni 17, motoka izamveka monga mwakhala pa sofa." Anati marimu anga akale muwatenga, mtengo wake muchotsera pa ndalama zimene ndilipire. Ndinafunsa kawiri ngati matayala opyapyala chonchija sangavute m'misewu yathu ino. Anayankha kuti matayala amakono ali ndi labala wofewa, ndisadere nkhawa. Mnzake amene anali kumasula manati anavomereza ndi mutu.

Apa ndisabise, mbali ina ndinalakwa ndine. Marimuwo anandikopa m'maso, ndipo munthu wamkulu ngati ine ndinayenera kupita kwina kukafunafuna saizi yanga. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe ine ndine mphunzitsi, si makanika. Ndinabwera kwa inu chifukwa matayala ndiyo ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, ndipo ndinakhulupirira kuti chimene wantchito wanu wanena, sitolo yanena.

Munandiikira 215/45 R17. Ndinazindikira kuti zinthu sizili bwino ndisanafike n'komwe pa Great East Road. Kamwala kalikonse, kachigamba kalikonse ka phula, kanali kubwera molunjika mu chiwongolero mpaka m'mapewa. Pa mahampu a kwathu kuno galimoto inali kugunda ngati ngolo ya ng'ombe yopanda katundu. Dashibodi, imene kwa zaka zonsezi inali chete, inayamba kulira paliponse. Tsiku lopita kuchipatala, amayi anagwira chitseko njira yonse, ndipo titafika anati: "Mwanangu, galimoto ija wagulitsa kodi? Iyi yandithyola msana." Anagona masiku awiri osatuluka panja.

Poyamba ndinaganiza kuti ma shock atha. Ndinapita kwa makanika wanga wa ku Kalingalinga, bambo amene wakhala akundikonzera galimoto kuyambira kale. Anaikankha pansi mbali zonse zinayi, nayang'ana pansi pake, nati ma shock alibe vuto. Kenako anatenga geji yake napima mpweya. Anandiyang'ana n'kuseka, kuseka kwa chisoni kuja. Matayala onse anayi anali pa 50 psi kapena kuchepera pang'ono. Kachikwangwani ka pachitseko kamanena 220 kPa, ndiye kuti 2.2 bar, pafupifupi 32 psi. Anyamata anu anapitirira ndi pafupifupi 18 psi pa tayala lililonse.

Ndikudziwa kumene nambala imeneyo inachokera, chifukwa makanikayo anandionetsa. M'mbali mwa tayala mwalembedwa timalemba ting'onoting'ono tonena kuti mpweya usapitirire 51 psi. Amenewo ndi malire a tayalalo, pamene wolipanga akuti apa musadutse. Si mpweya woyendera galimoto yanga. Woyendera amauika ndi amene anapanga galimoto, poona kulemera kwake ndi masipuling'i ake, n'chifukwa chake amamata kachikwangwani pachitseko kapena kulemba m'buku la galimoto. Munthu amene amapopa matayala makumimakumi patsiku sayenera kusokoneza manambala awiriwa. Ndipotu October muno mu Lusaka phula limatentha ngati chiwaya, ndipo mpweya wa m'tayala ukatentha umakwera. Choncho masana ndikuyenda, matayalawo ayenera kuti anali kudutsa malire aja. Ndimanjenjemera ndikakumbukira kuti ndinanyamula ana a mchemwali wanga m'galimoto imeneyo. Tayala lodzaza chonchi limagwira msewu ndi pakati pokha, limatha msanga pamenepo, ndipo limadumphadumpha m'malo momamatira pansi, makamaka pamalo okumbika.

Tinatulutsa mpweya mpaka pamlingo woyenera. Zinasinthako, ndivomereze, koma kufewa kwa kale sikunabwerere, ndipo apa m'pamene pagona dandaulo langa lalikulu.

Nditakhala pansi usiku ndi cholembera, monga ndimachitira ndi ana anga a masamu, ndinawerengera ndekha. Pa 195/65 R15, nambala yoyamba ndi kutambalala kwa tayala, mamilimita 195. Yachiwiri ikutanthauza kuti kutalika kwa khoma la tayala, kuchokera pa rimu kufika pamene ligunda msewu, ndi magawo 65 pa 100 a kutambalala kuja. Zimenezo zikupereka mamilimita pafupifupi 127. Pa 215/45 R17, magawo 45 pa 100 a 215 ndi mamilimita pafupifupi 97. Kusiyana kwake ndi masentimita atatu. Munthu akhoza kunena kuti masentimita atatu n'chiyani, koma pa 127 kuchotsapo 30 ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a khomalo lapita. Khoma limenelo, pamodzi ndi mpweya uli m'kati mwake, ndilo limayamba kulandira nkhonya ya msewu ma shock asanadziwe n'komwe. Likakhala lalitali limapindika n'kumeza bampu. Likakhala lalifupi, opanga amalilimbitsa kuti galimoto isagwedezeke pokhota mothamanga, ndiye nkhonya yonse imadutsa n'kukafika pampando. Matayala otere ali ndi ntchito yake, kwa achinyamata okonda liwiro pamsewu wosalala. Koma kuuza munthu amene wabwera kudzafuna kufewa chifukwa cha msana wa mayi ake kuti 45 ndi wofewa kuposa 65, kumeneko ndi kusadziwa ntchito kapena ndi kunama. Sankhani nokha chimene chili chabwinoko.

Chimene chimapusitsa anthu ngati ine n'chakuti gudumu lonse, ukaliyang'ana, silisiyana kwenikweni kukula kwake: lakale linali pafupifupi mamilimita 635, latsopanoli 625. Ndiye wogulitsa amangoti "likwana bwinobwino," ndipo zoonadi limakwana. Chimene sanena n'chakuti chitsulo chachuluka, labala ndi mpweya zachepa.

Kumapeto kwa mwezi womwewo kunagwa maliro kwathu ku Katete. Amayi anakana kutsala, ndiye tinanyamuka m'bandakucha. Amene anayendapo msewu wa kum'mawa akudziwa mmene ulili: mapiri ndi makona a ku Luangwa, malole akuluakulu, mahampu m'matauni onse a m'njira, ndi maenje amene umangowaona uli kale pamwamba pake. Tisanafike pa mlatho wa Luangwa ndinagunda dzenje limodzi, losazama kwenikweni, la mtundu umene matayala anga akale anadutsapo kambirimbiri osadandaula. Kunamveka phokoso ngati nyundo yagwera pachitsulo. Nditaima ndinapeza tayala lakutsogolo kumanzere latupa m'mbali ngati chithupsa, ndipo rimu yapindika mlomo. Khoma lalifupi lija linapanikizika pakati pa m'mphepete mwa dzenje ndi rimu, ulusi wa m'kati n'kuduka. Tayala lotupa motero silimatika, ndipo likhoza kuphulika nthawi iliyonse. Ndinaika sipeya, amayi atakhala pachitenje pansi pa mtengo, dzuwa likuswa mtengo. Ku Nyimba ndi ku Petauke ndinafunsa okonza matayala m'mbali mwa msewu ngati ali ndi 215/45 R17, ngakhale lakale. Onse anali ndi milu ya 14 ndi 15, koma langali ayi. Tinayenda pang'onopang'ono opanda sipeya ina, n'kukafika mwambo wa kumanda utayamba kale. Amayi sanaone nkhope ya mlongo wawo.

Nditabwerera ndinafika kwa inu ndi tayala lotupalo m'buti. Wachiwiri wanu analiyang'ana kamodzi nati kuwonongeka kwa m'maenje sikuli pa chitsimikizo. Zimenezo sindikutsutsa, dzenje simunakumbe ndinu. Koma ine sindinabwere kudzakuimbani mlandu wa dzenje. Ndinabwera kudzanena kuti munandigulitsa chinthu chosiyana ndi chimene ndinapempha, mutandilonjeza kuti chichita zimene sichingachite, ndiponso munandibwezera galimoto ili ndi mpweya woopsa. Nditapempha marimu anga akale, anati anagulitsidwa tsiku lotsatira. Nditafunsa kuti ndani anapopa matayala anga, aliyense anayang'ana mnzake. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti tsiku limenelo, pakona ya sitolo yanu, ndinaona mulu wa 195/65 R15 atsopano, ena fumbi litawakuta. Sindikunena kuti analipo tsiku limene ndinagula. Ndikungonena zimene maso anga anaona, ndipo mabuku anu a katundu akhoza kutiuza zoona.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Mutenge marimu anu anayi a 17 ndi matayala atatu amene akadali abwino, mundiikire marimu a 15 oyenera galimoto yanga ndi matayala anayi a 195/65 R15, opopedwa molingana ndi kachikwangwani ka pachitseko, matayala ali ozizira, ine ndikuona geji. Ndalama zimene ndinawonjezera pa marimu mundibwezere. Tayala lotupa ndi rimu yopindika, ndine wokonzeka kuti tigawane mtengo wake pakati, poti chiwongolero chinali m'manja mwanga. Ndipo ndikufuna matayala amene tsiku lopangidwa likuoneka, manambala anayi aja a m'mbali onena sabata ndi chaka, chifukwa tsopano ndaphunzira kuwerenga zimene kale ndinkasiyira inu.

Ndikupemphanso kuti muwakhazike pansi anyamata anu a pa kompuresa. Ine ndinapulumuka chifukwa ndili ndi makanika wachilungamo. Pali madalaiva a taxi ndi azimayi onyamula ana kusukulu amene atuluka pageti panu ndi 50 psi osadziwa, n'kumaganiza kuti galimoto yawo yakalamba.

Lisiti ndili nalo, chithunzi cha geji chimene tinajambula ku Kalingalinga ndili nacho, ndipo makanikayo wavomera kudzachitira umboni. Ndikudikira yankho lanu lolembedwa m'masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Likapanda kubwera, ndidzapita nazo zonsezi ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe limene lamulo la chaka cha 2010 linalipatsa mphamvu zomva madandaulo a ogula onyengedwa pa malonda. Sindikufuna kuti tifike kumeneko. Tsiku la amayi lopitanso kuchipatala layandikira, ndipo pakali pano ndikumabwereka galimoto ya mlamu wanga kuti ndiwanyamule.

Ine kasitomala wanu,
Mphunzitsi wa ku Chelstone, Lusaka.