Kalata kwa mwana wanga ku Mchinji

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko. Ndalemba chifukwa kwandifika mphekesera yoti anzako ena a pantchitopo amangokhala pa sitolo n'kumadzaza okha mapepala a kafukufuku, kumudzi osafikako, bola alandire alawansi ya tsikulo, ndipo akuti iwenso unaonekera pagulu lawolo. Ine sindinakulere choncho.

Anakutuma kukafunsa zosowa za ana ovutika, ndipo udziwe kuti aliyense adzakuyankha malinga ndi pamene waima. Amfumu adzatchula mjigo ndi mdadada wa sukulu, poti n'zimene zimaoneka alendo akabwera. Aphunzitsi adzadandaula za kujomba, chifukwa ngakhale sukulu ya pulayimale ili yaulere kuchokera mu 1994, mwana amene wasowa sopo wochapira amachita manyazi kukhala pakati pa anzake, ndiye amasankha kukagwira ganyu. Agogo olera zidzukulu adzalira chimanga ndi feteleza, kenako adzakufunsa ngati dzina lawo lilowe mu Mtukula Pakhomo, amene anayambira konko ku Mchinji mu 2006. Onsewa sakunama ayi, koma zimenezi ungazimve bwanji utakhala pa sitolo?

Mwanayo umufunse payekha, osati pamaso pa amene akumusunga, chifukwa mwana amene amadya pambuyo pa eni nyumba sanganene zimenezo iwo ali pomwepo. Ukhale naye pansi, usamuthamangitse, ndipo akakhala chete umudikire. Kodi wamuiwala msuweni wako, mmene anabwerera kwathu m'chaka cha njala cha 2002, maliro a mayi ake atangotha? Amayi a kumpingo anamubweretsera bulangete ndi ufa, anachita bwino ndithu, koma iye ankalira usiku uliwonse chifukwa mng'ono wake anatengedwa ndi amalume kupita kutali, ndipo palibe anamufunsapo. Unkagona naye pamphasa imodzi, unamumva wekha.

Ndalama ya alawansi ija ikundisowetsa tulo, mwana wanga. Dzina limene ungalembe mwachinyengo limachotsa mwana wina weniweni pamndandanda, ndipo amfumu akakupatsa nkhuku kuti ulembe abale awo, uikane mwaulemu. Ndikudziwa kuti malipiro ako ndi ochepa ndipo midzi yake ndi yotalikirana. Ukasowa ya njinga ya kabaza undiuze, ndigulitsa mtedza ndikutumizire, koma anzako a pa sitolo aja uwasiye.

Undiyankhe msanga, undiuze zoona zake za mphekeserayi. Abambo ako sindinawauze.

Ndine mayi ako.