Kalata ya makadi kwa bwana wamng'ono

Bwana wamng'ono,

Ndi ine malume ako kuno ku Joni. Mayi ako anandiuza pa foni kuti Loweruka lija unalira chifukwa anyamata akuluakulu aja anakukaniza kusewera nawo makadi, eti ndiwe mwana sungamvetse. Zinandikhudza kwambiri, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere, amayi akuwerengere pang'onopang'ono ndipo pomwe sunamve uwauze abwereze.

Makadi ako ndagula kale, paketi yatsopano ya ku Small Street mu tauni, ili m'chikwama chomwe ndapatsira transipota, yang'ana mkati mwa juzi yako yabuluu. Ikafika usathamangire kusewera, yamba wawerenga. Akhale 52, osawerengera majoka awiri apambali. Mitundu ilipo inayi, uliwonse makadi 13: mitima ndi madayamondi ndi ofiira, makhasu ndi aja okhala ngati kamtengo ka masamba atatu ndi akuda. Uwayale pa mkeka mtundu ndi mtundu, kuyambira eyisi, 2, 3 mpaka 10, kenako jeki, kwini ndi king'i. Ukatha zimenezo ndiye kuti wayamba kale kudziwa makadi.

Masewera oyamba ndi okumbukira, awa ngakhale mlongo wako wamng'ono atha. Makadi onse muwayale chafufumimba, iwe utembenuze awiri, akafanana nambala ndi ako ndipo utembenuzanso ena, akapanda kufanana uwabwezere pomwe anali. Nzeru yake ndi maso basi, mnzako akamatembenuza iwe uziona kuti 7 uja ali pakona paja. 52 akachuluka yambani ndi 20. Ndikuuze zoona, apa ana amawina akuluakulu, ife mitu yathu imakhala ili ku lendi ndi ku ntchito koma iwe ukaona kadi sumuyiwala. Achiwiri ndi Snap, mumagawana makadi onse, aliyense akuponya imodzi pakati mosinthana, ziwiri zofanana zikatsatizana woyamba kukuwa kuti snap watenga mulu wonse. Ndi aphokoso, musasewere agogo akugona.

Amene ndikufuna uwadziwe bwino ndi Crazy Eight, kuno amaseweredwa paliponse ndipo ndikhulupirira ndi omwe anyamata aja amasewera ngakhale dzina atakhala kuti amatchula lina. Aliyense amalandira makadi ochepa m'manja, otsala amakhala pakati chafufumimba, imodzi yokha yotembenuza. Nthawi yako ikakwana uponye kadi yofanana mtundu kapena nambala ndi yomwe ili pamwamba. Pakakhala 5 wa mtima, iwe uponye mtima uliwonse kapena 5 aliyense. Ulibe, utole pa mulu. Woyamba kumaliza makadi ake wawina. Koma tamvera apa, 8 ndi kadi yamphamvu, imagwera paliponse ndipo iwe ndi amene umanena mtundu woti utsatire, ndiye ukakhala naye usamutaye msanga chifukwa chongosangalala, musunge ngati mbewu, adzakupulumutsa pomwe watsala ndi makadi awiri ndipo njira yatsekeka. Ndipo musanayambe muzigwirizana malamulo, chifukwa nyumba ina 2 akagwa mnzako amatola awiri, kwina kuli kadi yodumpha munthu, kwinanso ukatsala ndi imodzi osanena amakutoletsa. Mikangano yambiri ya pa makadi imachokera pamenepa, sikuti wina waba ayi.

Ife kuno ku Rosettenville Lamulungu masana tikachoka ku tchalitchi timakumana m'chipinda cha mnzanga wa ku Mangochi, tebulo lathu ndi kireti yotembenuza titayalapo thawulo. Mwezi wa June kunazizira zedi, magetsi atazima, ife tili anayi m'mabulangete kandulo ili m'kapu pakati, zala zouma moti kugawa makadi kumavuta koma palibe amene amafuna kupita kwawo. Timayankhula Chichewa chokhachokha mpaka usiku, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe ndimakhala ngati ndili pakhonde kwa agogo ako.

Pa kireti imeneyo timakonda Casino, awa ndi ovutirapo koma ndimawakonda kuposa onse chifukwa ndi masamu. Kuno timachotsa ajeki, makwini ndi making'i kutsala makadi 40. Pansi pakakhala 3 ndi 5 iwe uli ndi 8 m'manja, umadya onse awiri. Kapena pansi pali 6, iwe uli ndi 2 komanso 8, umayika 2 pamwamba pa 6 n'kunena kuti ndikumanga 8, kuti ulendo winawo udzadye, koma mtima umagunda chifukwa mnzako atha kuwonjezerapo eyisi n'kusandutsa 9 nyumba yako yonse n'kupita. Kadi yomwe aliyense amayisaka ndi 10 wa dayamondi, amawerengedwa mapointi awiri, 2 wa khasu imodzi, eyisi aliyense imodzi. Mayi ako akuti kuphatikiza ukukhoza bwino ku sukulu, ndiye awa sakutalikira, mwina chaka chamawa. Panopa ukakhala wekha uziponya makadi awiri pansi n'kunena msanga kuti akupanga zingati.

Ndiye pali ovuta enieni. Ku Fordsburg komwe ndimagwira ntchito kuli bambo wina wachimwenye wochokera ku Durban, iye anandiphunzitsa Thunee, masewera a amwenye a kuno ku South Africa. Anthu anayi, awiriawiri, makadi 24 okha kuyambira 9 mpaka eyisi, koma zonse zomwe umadziwa zimatembenuka. Wamkulu si king'i, ndi jeki, ali ndi mapointi 30, wotsatira ndi 9 ali ndi 20, eyisi 11, 10 ali ndi 10, king'i 3 yokha, kwini 2. Uzikumbukira makadi onse omwe agwa, uziganizira zomwe mnzako wagwira osamufunsa, ndipo ukalakwitsa lamulo anzako akakugwira amalandira mapointi. Zinanditengera miyezi tikusewera nthawi ya lanchi kuseri kwa shopu, bamboyo sanatope nane ndipo ndimamuthokoza. Palinso Bridge, anayi aliyense makadi 13, musanaponye n'komwe mumayamba mwapikisana kulonjeza kuti mudya kangati, amenewo anthu amachita kuwerenga mabuku. Asiye kaye, ali ndi nthawi yake.

Ndakuuza za ovutawa kuti udziwe kuti anyamata aja sakudziwa zonse. Nawonso atakhala pa Thunee angakhale ana ngati iwe, aliyense anayambira pa kufananitsa 7 ndi 7.

Tsopano nkhani ya agogo. Ndikudziwa akaona paketiyo anena kuti malume ako akukuphunzitsa njuga, ndipo usawayankhe mwano chifukwa mantha awo ali ndi chifukwa. Ine ndi maso angawa ndaona munthu kuno atalandira malipiro Lachisanu, kufika Lamulungu alibe ndi ya taxi yomwe, ana kumudzi akudikira ya fizi. Ndiye tipangane ine ndi iwe, pa makadi amenewa pasadzagwe ndalama, ngakhale K50, ngakhale switi. Wina akati tiyikepo kanthu, longedza makadi ako uzipita. Mukafuna kuwerenga amene wawina lembani ndi kamtengo pansi. Ndipo uziluza, aliyense amaluza, ukaluza misozi ikabwera pumira m'mwamba kenako unene kuti tigawenso. Agogo ndiwayimbira ndekha madzulo ano, koma iwe tsiku lina uwayitane pa masewera okumbukira aja, ndikuwadziwa mayi anga, akakhala pa mkeka sadzafuna kudzuka.

Mukamaliza kusewera uziwerenganso 52 n'kumanga ndi labala, usawasiye pa dzuwa kapena pafupi ndi ndowa. Mu December ndikubwera, tsiku lofika ndikangosamba tiyala mkeka pansi pa mango paja, uyambe ndiwe kugawa. Ukawina Crazy Eight koyamba uwauze amayi anditumizire voisi, ndikufuna ndimve ndi mawu ako.

Upereke moni kwa agogo ndi mlongo wako.

Ndine malume ako,
ku Joni