Tisanagulitse ng'ombe, tifunse ngati sukulu ya unamwino ndi yovomerezeka

Akonzi,

Ndine mzamba wopuma pantchito, ndimakhala kwa Santhe kuno ku Kasungu. Ndalemba chifukwa cha zomwe zachitika m'banja mwathu mwezi wathawu, zomwe ndikukhulupirira kuti zikuchitikanso m'makomo ambiri.

Mwana wa achimwene anga anakhoza bwino mayeso a MSCE, Biology ndi Chemistry yemwe, koma dzina lake silinatuluke pa omwe anasankhidwa kupita ku mayunivesite a boma. Ali khale pakhomo, anaona pa WhatsApp kuti koleji ina yatsopano yatsegula maphunziro a unamwino ndi uzamba. Analemba fomu, ndipo sabata isanathe kalata yomutenga inali itafika, yonena kuti alipire theka la fizi msanga malo asanathe. Achimwene anali atagulitsa kale fodya wawo ku Chinkhoma, ndalama zinaperewera, ndiye anayamba kufunsa mtengo wa ng'ombe ziwiri za pangolo. Mtsikanayo anabwera kwa ine akumwetulira. "Azakhali, ndikavala yoyera ngati inu." Mtima wanga unasangalala, komanso unagunda.

Ndinaimba foni kusukuluko. Ndinafunsa ngati maphunzirowo anavomerezedwa ndi bungwe loona za anamwino ndi azamba la Nurses and Midwives Council of Malawi. Bambo amene anayankha anati sukulu yawo ndi yolembetsedwa kuboma. Ndinabwereza funso langa. Anati mapepala ali m'njira, adzakhala atatuluka ana asanamalize. Nditafunsa chipatala chomwe ophunzira azikachitira pulakitiko, anati akukambirana ndi zipatala zingapo.

Makolo anzanga, mawu akuti "tinalembetsa kuboma" amanena zambiri koma osanena kanthu. Ngakhale golosale imalembetsa kuboma. Pa sukulu ya unamwino pali zipata ziwiri. Choyamba ndi National Council for Higher Education, NCHE, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 kuti lizilembetsa ndi kuyendera makoleji ndi mayunivesite. Kumenekonso kulembetsa sukulu ndi nkhani ina, kuvomereza maphunziro ake ndi nkhani inanso: koleji ikhoza kukhala ndi chilolezo chophunzitsa za bizinesi, pomwe za unamwino sizinaunikidwe n'komwe. Chipata chachiwiri ndi cha khonsolo ya anamwino ija, yomwe ilipo kuyambira 1966 ndipo lero imayendera lamulo la mu 1995. Iyo ndi imene imaona zomwe zikuphunzitsidwa, imalemba dzina la wophunzira aliyense m'kaundula akangoyamba sukulu, ndipo pamapeto pake imalembetsa mayeso a layisensi. Wopanda layisensi imeneyo sangagwire wodwala ngati namwino m'Malawi muno, kaya kuchipatala cha boma, cha mishoni kapena cha munthu. Ngakhale akafuna ntchito ku Zambia kapena ku UK, kumeneko adzayamba kufunsa kaye khonsolo ya kuno ngati ikumudziwa.

Ndiye taganizani mwana watha zaka 3 pa dipuloma, kapena 4 pa digiri, ng'ombe zapita, munda wabwereketsedwa, kenako n'kumva kuti dzina lake mulibe m'kaundula. Setifiketi ili m'manja, chithunzi cha gauni chili pakhoma, koma mayeso a layisensi sakuloledwa kulemba. Amene analonjeza kuti mapepala ali m'njira sadzabweza ngakhale tambala.

Musandimve molakwa, sindikudana ndi sukulu zatsopano. Ine ndagwirapo usiku ndili ndekha pa chipatala chaching'ono, amayi atatu ali m'chikuta, wina akutaya magazi, ambulansi ili kuboma. Ndikudziwa kuti anamwino ndi ochepa, ndipo malo ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ku Mzuzu University, ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo ndi Holy Family sakwanira ana onse okhoza bwino. Sukulu zimenezinso zinali zatsopano tsiku lina. Koma taonani kuti pafupifupi iliyonse inamera pambali pa chipatala. Unamwino suphunziridwa pa bolodi pokha. Dzanja limaphunzira kupeza mtsempha wa mwana wouma ndi kutsegula m'mimba, khutu limaphunzira kumva kugunda kwa mtima wa khanda lili m'mimba, ndipo zonsezi zimatheka mu wodi, mphunzitsi ali pambali pako. Ife pophunzira tinkayenda ndi kabuku kolembamo mayi aliyense amene tamuchiritsa, wamkulu wa wodi n'kusainira, ndipo chiwerengero chikapanda kukwana sunkamaliza. Sukulu yosadziwa komwe ana ake akachitire pulakitiko idzadzaza bwanji kabuku koteroko? Pamenepa nkhani siikhalanso ya ndalama za achimwene anga okha, ndi ya mayi wa kwa Chulu kapena kwa Wimbe amene adzagone pabedi n'kudalira manja amenewo.

Pempho langa likupita kwa a NCHE ndi a khonsolo ya anamwino. Mndandanda wa sukulu zovomerezeka mumautulutsa, inde, koma m'Chingerezi, pa intaneti ndi m'nyuzipepala zomwe mlimi wa ku Chamama sazionako. Zotsatira za MSCE zikangotuluka, werengani mayinawo pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, sukulu ndi maphunziro ake omwe. Matani pepala lomwelo pa bolodi la chipatala cha boma cha Kasungu, ku Nkhamenya, ku Mtunthama ndi m'masekondale onse. Otsatsa malonda a sukulu amafika pa foni ya mwana aliyense, inunso fikaniko.

Kwathu tinagwirizana chonchi. Tinauza a kolejiyo kuti atitumizire kalata ya khonsolo yotchula maphunziro omwewo a unamwino ndi uzamba, yokhala ndi deti, ndipo ifenso tikatsimikiza tokha ku ofesi ya khonsoloyo ku Lilongwe. Patha masabata 3, kalatayo sinafike. Mtsikana uja analira masiku awiri osandilankhula, koma tsopano akusonkhanitsa mapepala ake kuti makoleji a CHAM akangoitana alembere. Ng'ombe zija zikadali m'khola.

Mzamba wopuma,
Santhe, Kasungu