Tisamatsike Khwekhwerere injini itazimitsidwa

A Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokoze zimene ndinaona pa ulendo wa tsiku limodzi umene ine ndi mayi a kunyumba tinayenda pa njinga yamoto, kuchoka ku Dedza kupita ku Monkey Bay n'kubwerako. Msewu wa Khwekhwerere ndaudutsa kambirimbiri pa minibasi, nditapanikizika pakati pa matumba a mbatata, maso ali pa msana wa mnzanga. Kuuona bwinobwino ndinauona tsiku limeneli, ndipo chimene ndinaona chandisowetsa mtendere.

Tinanyamuka mbandakucha mwezi wa June, nkhungu itaphimba phiri la Dedza. Amene akudziwa kuno akudziwa kuzizira kwake. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye zala zinachita dzanzi ngakhale ndinavala magolovesi. Tinatsata msewu wa M1 kulowera chakummwera, minda ya anzathu a ku Mozambique ili dzanja lamanja, kufikira pa Masasa pamene tinakhotera kumanzere.

Poyamba msewu umangoyenda pamwamba, m'minda ya mbatata ya kachewere ndi nyemba. Kenako dziko limatseguka mwadzidzidzi, ngati wina wakoka nsalu. Kunsi kwako chigwa chonse chatambalala mbee, midzi ikuoneka ngati nyemba zomwazika pa mphasa, ndipo kutali uko, kukakhala kopanda mitambo, nyanja imanyezimira. Mayi anandigwira paphewa kuti tiime. Tinasowa poima pabwino, mpaka tinakankhira njinga pa kamtunda ka m'mbali, magalimoto akutidutsa pafupi. Tinakhala chete kwa nthawi. Pa minibasi zimenezi suziona. Pa njinga umamva mphepo ikusintha pakhungu, kona iliyonse ikukufunditsa pang'ono, fungo la udzu wouma likulowa m'malo mwa chinyezi cha kumtunda. Pamene unkanjenjemera m'mawa, usanathe ola wayamba kumasula jekete. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, ndiye kuti munthu amatsika mamita oposa 1,000, ndipo gawo lalikulu la kutsikako lili pa makona amenewa. M'mbali mwa msewu muli amisiri osema timagalimoto ndi tinjinga ta mitengo, ta matayala ozungulira ndithu. Tinagulako kamodzi ka mdzukulu wathu, ndipo ndinganene mosakayika kuti luso limenelo silichepa pamaso pa wina aliyense.

Tili pakati pa kutsika, chinthu china chinatipyola ngati mphepo, popanda phokoso lililonse. Anali mnyamata wa kabaza, injini atazimitsa. Kumbuyo kunali mayi wobereka mwana, kumbuyo kwa mayiyo thumba la kabichi. Panalibe ndi mmodzi yemwe wovala helemeti. Mtima wanga unagunda, chifukwa ndinkadziwa kuti kutsogolo kuli kona yakuthwa. Tinawapeza ataima pansi pake, mayi atatsika ali chilili m'mbali, akutonthoza mwana, thupi likunjenjemera. Tayala lakumbuyo linkatuluka fungo la chinthu chopserera. Mnyamatayo anali ataimitsa njinga ndi mapazi, nsapato zake zitakhulika.

Ndinamufunsa kuti, “Achimwene, bwanji mukutsika phiri ili injini itazima?” Anayankha mwaulemu, alibe mwano ngakhale pang'ono: “Madala, mafuta avuta. Ndikawotcha potsika, pokwera ndikwera ndi chiyani? Madzulo eni njinga akudikira ndalama zawo.”

Mawu amenewo ndi oona, ndipo sindikulemba kuti ndinyoze anyamata a kabaza. Zaka zapitazi tonse tagona pamizere ya mafuta, ndipo kumudzi mafuta a m'mabotolo amagulidwa pa mtengo wokwera. Anyamata amenewa ndiwo amatengera amayi oyembekezera kuchipatala usiku, ndiwo amafikitsa ndiwo zamasamba kumsika. Koma mnyamatayu sanauzidwe ndi wina aliyense mmene njinga imagwirira ntchito potsetsereka, ndipo zimenezi si zovuta kuzimvetsa. Njinga ikakhala mu giya yaing'ono, yachiwiri kapena yoyamba, iwe n'kusiya kukoka moto, injini yokha imaigwira kuti isathamange. Mafuta amene imamwa pamenepo ndi ochepa zedi. Ukaizimitsa n'kuisiya igubuduke yokha, katundu yense amatsamira pa mabuleki. Mabuleki a njinga zazing'ono zimene timayendera, makamaka a m'kati mwa tayala aja, amatentha akagwidwa nthawi yaitali, ndipo akatentha amasiya kuluma. Umaponda mpaka pansi, njinga ikungopita. Komanso njinga zambiri zotere nyali yake imayaka ndi injini, ndiye ukazimitsa madzulo palibe amene akukuona. Mwana amene akuwoloka ndi mbuzi zake sakumva kuti kukubwera chinthu. Ndipo pamene ukufuna moto kuti uthawe lole yomwe yadya mbali yako pa kona, motowo palibe.

Zimenezi ndinamufotokozera pomwepo, tikudikira kuti mabuleki azizire. Anamvetsera, n'kunena kuti kuyendetsa anaphunzira pa bwalo la mpira kwa mnzake, masiku awiri, pamalo athyathyathya. Ndikhulupirira kuti anzake ambiri anaphunzira chimodzimodzi. Mayi aja anakana kukweranso mpaka injini italira.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tinatsika modekha, ndipo tinafika pa Golomoti dzuwa litakwera. Pamenepo tinawoloka msewu wa M5 ndi njanji, pafupi ndi pamene anamanga malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Kuchokera apo dziko ndi lina: kutentha, milambe ikuluikulu, ngolo za ng'ombe, ana ogulitsa malambe. Tinkafuna kupatukira ku Mua, kumene kuli mishoni ya Akatolika ya mu 1902 ndi nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Kungoni, koma tsiku limodzi silikwanira zonse.

Ku Monkey Bay, kumene eni ake amati Lusumbwe, tinafika nthawi ya nkhomaliro. Doko lake labisala pakati pa mapiri a miyala, moti ngakhale mwera ukuwomba kunja, m'katimo madzi amakhala odekha. Apa mpamene pali kwawo kwa Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira mu 1951. Tinadya nsima ya chambo, tinaviika mapazi m'madzi, tinaonerera asodzi akusoka maukonde ndi amayi akuyanika usipa pa thandala. Kuseri kwa mapiriwo kuli Cape Maclear ndi paki ya nyanja imene bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Azungu amawoloka nyanja zamchere kudzaona zimenezi. Ife tinadzuka m'nyumba mwathu, n'kudzagonanso m'nyumba mwathu tsiku lomwelo. Mayi anati pa zaka zonse za ukwati wathu sanaganizepo kuti nyanja ili pafupi chonchi.

N'chifukwa chake nkhaniyi yandikhudza. Ndikufuna Amalawi anzanga ayende msewu umenewu mwadala, n'kuima n'kuona dziko lawo. Koma ndingamuuze bwanji mnzanga kuti atenge mkazi wake apite, pamene pa kona iliyonse angakumane ndi njinga yopanda phokoso, yopanda nyali, yopanda mabuleki?

Kwa akuluakulu oyang'anira misewu, pempho langa ndi laling'ono. Pamwamba pa phiri, msewu usanayambe kutsetsereka, pakhale chikwangwani chachikulu cha m'Chichewa chonena kuti: osazimitsa injini, tsikani ndi giya yaing'ono. Pakhalenso malo awiri kapena atatu otambalala oimapo, kuti woona malo aime mosaopa ndipo amene mabuleki amutenthera apeze popumira. Amisiri osema aja nawonso angapindule, chifukwa munthu amagula pamene waima. Zitsulo zotchinga m'mbali mwa phompho, pamene zapindika kapena zachoka, zibwezeretsedwe. Kwa atsogoleri a masiteji a kabaza ku Masasa, ku Lizulu ndi ku Golomoti, ndinu amene anyamata amakumverani kuposa wapolisi. Mnyamata watsopano asanayambe kunyamula anthu, mmodzi mwa akale atsike naye phirilo kamodzi, amuonetse. Kwa eni njinga, gulani helemeti yachiwiri ya wokwera, ndipo ndalama imene mumamuuza mnyamata kuti abweretse madzulo muiyeze ndi mtengo wa mafuta wa lero. Ifenso okwera tili ndi pakamwa. Ndalama ndi yathu, ndipo tikhoza kunena kuti sitikwera injini isanalire, monga anachitira mayi uja.

Pobwerera tinayamba kukwera phirilo dzuwa litapendeka, kuti mdima usatipeze pa makona. Ndinawerenga njinga zisanu ndi imodzi zimene tinakumana nazo zikutsika. Zinayi zinali zitazimitsa injini, ndipo imodzi mwa izo inanyamula ana a sukulu atatu.

Ine wanu,
Wokwera njinga yamoto,
Dedza