Odzisindikizira mabuku tisawanyoze

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito kuno ku Dedza. Nthano zomwe ankatisimbira agogo ndidazilemba m'makope asanu, koma kampani ina yosindikiza mabuku idandiuza mosapsatira kuti ndalama zili m'mabuku asukulu, aja amavomerezedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Sindidawakwiyire, nawonso ali pageni.

Ndidagulitsa mbuzi zitatu, n'kukatenga nambala ya ISBN, ija yozindikiritsa buku, ku National Archives ku Zomba, n'kusindikiza ndekha mabuku 200. Ndimayenda nawo m'chikwama: kutchalitchi, pamsika, ngakhale m'minibasi.

Ena amati mabuku otere amadzaza ndi zolakwika. Sakunama. Langa, patsamba 14, lili ndi mzere wobwerezedwa womwe umandichititsa manyazi mpaka lero. Koma ndikadadikira kampani ija, bwenzi makope aja atadyedwa ndi chiswe, nthano za agogo n'kupitira komweko.

Pempho langa kwa a Malawi Writers Union nlakuti atipezere anthu otiwerengera zolemba zathu tisanapite nazo kumakina. A National Library Service nawo azitigulako, ngakhale mabuku awiri okha panthambi iliyonse.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza