Port wokhalitsa sagugudizidwa, amalawidwa

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga patsamba lanuli ndiyankhulepo za vinyo wa Port, makamaka wokhalitsa uja, chifukwa zimandiwawa kuona mmene ena akumumwera. Munthu kupeza botolo loti vinyo wake wagona mu mgolo zaka 20, ndiye kuthira mu tambula yayikulu mpaka kusefukira, kuponyamo ayisi, kugugudiza katatu basi zatha, kenako nkumati aaa ndi juwisi chabe uyu, kutsekemera kokhakokha. Ayi ndithu abale, vinyo ameneyu anthu amamuvutikira zaka zambirimbiri ndipo ena mwa amene anaponda mphesa zake anatisiya kale asanamulawe nkomwe.

Port amachokera dera limodzi lokha, chigwa cha mtsinje wa Douro kumpoto kwa Portugal. Malire a derali anaikidwa mu 1756 nthawi ya Marquês de Pombal, nduna yaikulu ya dzikolo, ndiye nkhani yoteteza vinyoyu kwa achinyengo siyadzulo. Minda yake ili m'mapiri otsetsereka kwambiri, anachita kusema masitepe m'miyala kuti mphesa zipeze pomera, ndipo nthawi yotentha dzuwa la kumeneko limaswa mtengo. Mphesa zake ndi monga Touriga Nacional, Touriga Franca, Tinta Roriz ndi Tinta Barroca. Malo ena mpaka lero amapondabe ndi mapazi m'zopondera zamiyala zomwe Apwitikizi amati lagares, amuna kugwirana m'mapewa kumaguba m'mphesamo maola angapo usiku atakolola tsiku lonse.

Kutsekemera kuja anthu ambiri amayesa kuti anathiramo shuga, sichoncho. Madzi a mphesa akangoyamba kuwira, pakatha masiku awiri kapena atatu yisiti isanamalize kudya shuga wachilengedwe, amathiramo mowa wotcheza wa mphesa womwe amautcha aguardente, wamphamvu pafupifupi maperesenti 77, yisiti nkufa pomwepo, shuga wotsalayo nkukhala momwemo. Mwachizolowezi malita 115 a mowawu amalowa pa malita 435 a vinyo kudzaza mgolo wa malita 550. Mapeto ake Port amakhala ndi mphamvu pakati pa maperesenti 19 ndi 22. Nchifukwa chake amatha kukhala zaka makumimakumi osasasa, komanso nchifukwa chake wodzaza tambula uja mawa lake amadzuka mutu ukung'amba nkumanamizira vinyo.

Tsono chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi ichi. Kukhalitsa kwa Port kuli mitundu iwiri ndipo anthu amasakaniza. Wina amakulira mu mgolo, wina amakulira mu botolo, ndipo ukapanda kudziwa kuti wako ndi uti udzasunga woti ukanamwa kale, nkumwa msanga woti ukanasunga.

Wokulira mu mgolo ndi Tawny. Kalekale migolo inkatsika mtsinje pa maboti otchedwa rabelos kupita ku Vila Nova de Gaia, tsidya lina la mzinda wa Porto, komwe kuli kozizirirapo komanso chinyezi cha kunyanja kusiyana ndi kumapiri kuja, ndiye vinyo amakula pang'onopang'ono mosathamanga. Mgolo wathabwa umapuma, kampweya kamalowa pang'ono, vinyo wina amauluka chaka ndi chaka, wotsalayo nkumakhathamira. Mtundu wofiira uja umasuluka kupita kubulawuni, kenako kugolide, ndipo akakalamba zedi ukapendeketsa galasi pa pepala loyera umaona kamzere kobiriwira m'mphepete. Fungo la zipatso zaziwisi limachoka, m'malo mwake kumabwera mtedza wokazinga, shuga wopsereza, nkhuyu zouma, khungu la lalanje, nthawi zina khofi.

Manambala aja amalemba pabotolo, 10, 20, 30, 40, musawatenge ngati tsiku lobadwa. Vinyo wa m'botolomo ndi wosakaniza, katswiri amatenga wa migolo yosiyanasiyana, wina wamkulu wina wamng'ono, mpaka kakomedwe kafike pa msinkhu walembedwawo, ndipo akatswiri olawa a bungwe la Instituto dos Vinhos do Douro e do Porto ndi amene amavomereza kuti eya uyu wakwanadi. Chidindo chawo chimakhala pabotolo. Amene akufuna Tawny wa chaka chimodzi chokha afunefune wolembedwa Colheita, ameneyo ndi wa zokolola za chaka chimodzi ndipo lamulo limati akhale mu mgolo zaka zosachepera 7, ngakhale ambiri amapitirira kutali.

Kwa ine wa zaka 20 ndiye pachimake. Wa 10 amakhala adakali ndi ubwana, zipatso zikumvekabe, wa 40 ndi wolemera mwakuti kadontho kamakwana ndipo ena amafika potopetsa lilime, koma wa 20 zonse zimakumana pakati, mtedza ulipo, kachipatso kalipo, kuwawasa kopepuka kuja kulipo. Ena atsutsa ndipo ali ndi ufulu, malilime sitifanana.

Koma mvetsetsani, Tawny akangolowa mu botolo wasiya kukula. Ntchito yonse inathera mu mgolo. Nchifukwa chake amalembapo chaka chimene anamuthira mu botolo, kuti udziwe usamuchedwetse.

Vintage ndiye nkhani ina. Uyu ndi wa chaka chimodzi chomwe mphesa zinachita bwino mwapadera, ndipo kampani iliyonse imasankha yokha kulengeza chakacho kapena ayi, pa zaka khumi mwina katatu basi. Zaka ngati 1963, 1977, 1994 ndi 2011 okonda Port amazitchula ndi ulemu. Amakhala m'thabwa zaka ziwiri zokha kapena kupitirirako pang'ono, nkumuthira mu botolo osasefa, ndiye kukula kwake konse kumachitikira mumdima, botolo litagona chammbali kuti chitsekerero chisaume. Ukamutsegula ali mwana ndi wakuda bii, wamphamvu, amagwira mkamwa ngati tiyi wofulula mopyola wopanda mkaka. Mupatseni zaka 20, 30 kapena kuposa, ukali uja umagona, zomwe zimagwira mkamwa zija zimatsikira pansi kusanduka nsenga, vinyo nkutsala wosalala, fungo la mapulamu ouma, chokoleti, zokometsera, mwinanso kafungo ka chikopa chakale. Mayina ngati Taylor's, Graham's, Dow's ndi Warre's akukumbutsa kuti amalonda a ku Britain ndiwo anakuza malondawa, makamaka pambuyo pa pangano la Methuen la 1703, la zamalonda pakati pa England ndi Portugal, koma musaiwale Ferreira, Niepoort ndi Quinta do Noval, nawonso vinyo wawo ndi wosayamba.

Kutsegula Vintage wakale kumafuna mtima wodekha. Botolo liimikeni chilili tsiku lathunthu kuti nsenga zikhazikike pansi. Chitsekerero cha zaka 30 chimakhala chofumbwa, ukachikoka mwamphamvu chimanyenyekera mkati, ndiye pang'onopang'ono. Ku Portugal kuli kachipangizo kokhala ngati mbaniro, amakatenthetsa pamoto mpaka kufiira, kupana nako khosi la botolo kanthawi, kenako kupakapo kansalu konyowa ndi madzi ozizira, umangomva kuti the, khosi laduka bwinobwino chitsekerero chili momwemo. Mukatsegula tsanulirani mu chotengera china chagalasi, dzanja lisanjenjemere, osaimitsaimitsa, kandulo kapena tochi ikhale kunsi kwa khosi la botolo, mukangoona zakuda zikuyandikira lekani. Kotsalako musadandaule nako.

Nanga kulawa kwenikweniko. Kagalasi kakhale kakang'ono kopanikiza kukamwa kuti fungo lisathawe, muthire kosafika theka. Tawny amakoma atazizira pang'ono, madigiri 12 mpaka 14, Vintage 16 mpaka 18, akatentha kupyola apo chimene chimakufika m'mphuno ndi mowa wokhawokha, zina zonse zabisala. Ayisi ayi chonde, madzi ake amasungunula zomwe mgolo wakhala ukusonkhanitsa zaka zonsezi. Yambani mwayang'ana mtundu. Kenako nunkhizani musanagwedeze, gwedezani pang'ono nkununkhizanso, mudzadabwa kuti fungo lasintha. Kumwa kwake ndi kakang'ono, kayende mkamwa monse, mumeze, ndiye khalani chete osathamangira kuyankhula kapena kutola chakudya. Port wabwino amatsalira, umameza koma kukoma kukupitirirabe, kumayamba kutsekemera, kubwera mtedza, kumapeto kuwawasa kuja nkutsuka mkamwa mpaka umafuna kulawanso. Pamenepo ndi pomwe ine ndimasiyanitsira wabwino ndi wamba. Wotsekemera chabe wopanda kuwawasa amamata lilime, galasi limodzi wakhuta naye, ndipo zaka zolembedwa pabotolo sizingamupulumutse.

Kagalasi komweko mukakasiya mphindi 20 nkubwerera mumapeza zina zomwe poyamba panalibe, maka Vintage amene wakhala wotsekeredwa nthawi yaitali amafuna apume kaye. Amene amamwa mothamanga zimenezi sadzazidziwa.

Zodyera limodzi sindilimbikira kwambiri. Angelezi amakonda Vintage ndi tchizi ya Stilton, Apwitikizi ali ndi yawo ya Serra da Estrela, Tawny amayenda ndi mtedza kapena zotsekemera zamazira za kwawoko. Payekha amakwananso.

Wina anena kuti zonsezi ndi matama a anthu andalama. Ine ndikukana. Matama ndi kugula botolo chifukwa cha dzina nkumalijambula osadziwa zili mkati. Kulawa modekha sikufuna chuma, ndipo wofuna kuphunzira atha kuyambira pa Port wolembedwa LBV (Late Bottled Vintage), amene amakhala mu mgolo zaka 4 mpaka 6 ndipo ndi wokonzeka kumwa nthawi yomweyo, kumuika pambali pa Tawny wa zaka 10, kulawa uyu kulawa uyo. Madzulo amodzi okha lilime limagwira kusiyana kwa chipatso ndi mgolo kuposa kuwerenga kalata yangayi. Komanso munthu amene waphunzira kumwa kagalasi kamodzi ola lathunthu saledzera chisawawa, botolo limodzi limakwanira anthu ambiri.

Pempho langa a Mkonzi, mukamalemba za vinyo muzitithandizako kusiyanitsa zinthuzi, mawu oti vinyo akamakalamba amakoma asokoneza anthu ambiri. Vintage mukatsegula mumalize m'masiku awiri kapena atatu chifukwa mpweya sanauzolowere, amafooka msanga. Tawny anakula ndi mpweya, mukatseka bwino nkuika mu filiji amapirira milungu ingapo. Ndipo inu amene munapatsidwa Tawny wa zaka 20 nkumubisa mu kabati kuti akwane 40, sakwana, itanani anzanu mumutsegule sabata ino.

Ndine wanu,
Wowerenga wokonda Port