Kulima dothi lonyowa kukuumitsa minda pansi

Akonzi,

Tiloleni tinenepo za kutsendereka kwa dothi, vuto limene alimi ambiri amaliyesa kuchepa kwa feteleza, chikhalirecho gwero lake lili pansi pa mizere.

Munda ukalimidwa zaka zambiri, khasu kapena pulawo imalekeza pa kuya komweko chaka ndi chaka, masentimita 15 mpaka 20. Pamenepo dothi limatsendereka n'kuuma gwa. Kutembenuza nthaka kosalekeza ndi kutentha mapesi kumathanso chonde chochokera ku zowolerana, chimene chimamanga dothi m'timibulu ndi kusiya timipata ta mpweya ndi madzi.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi yolowera m'munda. Dothi louma silitsendereka msanga. Loopsa ndi lachinyezi, mvula yamphamvu itangokata, chifukwa madzi amatereretsa tinthu ta dothi, ndipo tikapondedwa timakanikizana n'kutseka timipata tija. Makande ndi katondo amavutika kuposa mchenga. Thirakitala imawononga kwambiri pa ulendo woyamba weniweniwo, ndipo ikalemedwa kuposa matani 10 pa ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza mateyala a mbali ziwiri), kutsenderekako kumatsika mpaka theka la mita, kumene khasu silingafike.

Kuyesa ngati dothi lauma mokwanira kuti mulime n'kosavuta. Kumbani masentimita 15, tapani dothi, lifumbateni ndipo mulipote m'manja. Likatuluka ngati chingwe osaduka, tulukani m'mundamo, dikirani masiku awiri kapena atatu. Likafumbutuka, limani. Zulaninso phesi limodzi muone mizu. Ikakhala yopindikira m'mbali ngati yagunda mwala, ndiye kuti pansi patsekeka. N'chifukwa chake madzi amadikha m'makwalala mvula ikagwa, koma pakangopita sabata yadzuwa mbewu zafota kale: mizu yonse ili pamwamba.

Pofuna kuphwanya pouma paja, dikirani chilimwe. Ndi piki kapena chitsulo chong'amba nthaka, pyolani pang'ono kunsi kwake, nthawi zambiri masentimita 30. Mukachita izi dothi lili lonyowa, chitsulocho chimangozira m'mbali ngati akuzira nyumba, osaswa kanthu. Mukaphwanya pouma paja, ngolo, ng'ombe ndi anthu azidutsa njira imodzi yokhazikika, apo ayi munda ubwerera mwakale. Phimbirani ndi mapesi, thirani manyowa, ndipo muzisinthanitsa ndi mbewu za mizu yozama monga nandolo, imene ikawola imasiya mabowo olowera madzi.

Tikupempha alangizi anzathu kuti poyendera minda azinyamula khasu, akumbe dzenje mlimi akuona.

Alangizi a zanthaka